Mmene mungapemphere ndalama zogulira zipangizo zamakono zophunzitsira pasukulu ya boma

Aphunzitsi aakulu ndi mamembala a makomiti a sukulu amandifunsa funso limodzimodzi nthawi ndi nthawi: "Tikufuna makompyuta pasukulu pathu, tilembere kwa ndani?" Wofunsayo amayembekeza kuti ndimupatsa dzina la bungwe ndi adiresi, nkhani n'kuthera pomwepo. Dzina la bungwe silivuta kupeza. Zimene zimagwetsa sukulu zambiri ndi ntchito yofunika kugwira kalata isanalembedwe, komanso ndalama zimene zimadzafunika zipangizo zitafika kale. Ndalemba zonse pano kuti aliyense wofunsa aziwerenga mofatsa, makamaka gawo lachinayi.

Choyamba timvane za mtundu wa ndalama zimene tikunena. Ili ndi thandizo losabweza limene boma, bungwe kapena kampani imapereka kuti ligwire ntchito imene mwagwirizana polemba. Lilibe chiwongoladzanja chifukwa si ngongole, koma lili ndi malire. Ndalama zimene mwapemphera matabuleti simungagulire madesiki, ngakhale ana akukhala pansi, pokhapokha woperekayo atavomera polemba. Mukazipatutsa popanda chilolezo angakuuzeni kuti mubweze, ndipo dzina la sukulu yanu limaipa kwa mabungwe ena, pakuti amauzana.

1. Pezani vuto la ana, ndipo muliyeze

"Tilibe makompyuta" ndi dandaulo limene wowerenga makalata opempha thandizo amaliona m'kalata iliyonse. Chimene akufuna kumva ndi chimene ana anu akulephera kuphunzira. Kodi ana a chaka chachitatu sakutha kuwerenga chiganizo chathunthu? Kodi masamu ogawa akuwakanika? Kodi akulemba mayeso a sayansi asanaonepo zimene buku likufotokoza?

Sankhani vuto limodzi ndipo muliyeze musanalembe chilichonse. Sizifuna katswiri wochokera kutali. Tengani ndime yaifupi ya m'buku la kalasi yawo, itanani mwana mmodzimmodzi, muwerengetseni kwa mphindi imodzi, ndipo lembani mawu amene wawerenga molondola. Pa masamu konzani mafunso khumi oyambira osavuta kupita ovuta. Lembani tsiku, kalasi, ndiponso zotsatira za atsikana ndi anyamata padera. Pepala limenelo ndilo poyambira panu, ndipo mudzalifuna podzaonetsa ngati thandizo lasintha kanthu.

Ndimaumirira pa mfundo iyi chifukwa mayiko ena anataya ndalama zambiri poidumpha. Dziko la Peru linagawira ana a m'sukulu za boma malaputopu zikwi mazanamazana a ntchito ya One Laptop per Child. Kafukufuku wa Inter-American Development Bank amene anatuluka mu 2012 anayendera sukulu 319 zakumidzi, ndipo anapeza kuti patatha miyezi 15 ana anali atadziwa kugwiritsa ntchito makinawo, koma pa masamu ndi chilankhulo panalibe umboni wakuti apita patsogolo. Ku Delhi, m'dziko la India, ana amene ankagwiritsa ntchito pulogalamu ya Mindspark akaweruka anapita patsogolo kwambiri pa masamu ndi Chihindi m'miyezi inayi ndi theka yokha. Pulogalamuyo inkayamba yayeza pamene mwana wafika, kenako n'kumupatsa ntchito yomuyenera, ngakhale ikhale ya kalasi yotsika ndi zaka zingapo.

2. Werengani zimene muli nazo, kenako sankhani chipangizo

Yendani pasukulu ndi kope. Magetsi alipo, ndipo amayaka maola angati patsiku la sukulu? Chipinda chili ndi chitseko cholimba, mawindo otetezedwa ndi denga losadontha? Masoketi ndi angati? Netiweki ya foni imagwira m'kati mwa kalasi kapena mpaka mutuluke panja? Ndi aphunzitsi angati amene angathe kuyatsa kompyuta, kutsegula fayilo ndi kuisunga popanda wowathandiza? Funso lomalizali mufunse mwaulemu komanso payekhapayekha, chifukwa pagulu aliyense amati amatha.

Kenako chitani masamu a nthawi, amene ambiri amawaiwala. Tiyerekeze kuti muli ndi ana 600 ndipo mukupempha makompyuta 20. Ana awiri pa kompyuta imodzi ndiye kuti ana 40 nthawi imodzi, magulu 15 onse pamodzi. Ngati chipindacho chingagwire ntchito mapiriyodi 30 pasabata, mwana aliyense apeza mapiriyodi awiri, ndipo m'menemo muchotsemo nthawi yolowa, kukhala pansi ndi kuyatsa makina. Kodi nthawi imeneyo ingathetse vuto limene mwayeza lija? Ngati siingathe, chepetsani chiwerengero cha ana. Ndi bwino kunena kuti ntchitoyi ndi ya makalasi awiri okha, amene azilowa tsiku lililonse, kusiyana ndi kulonjeza sukulu yonse.

Mukatero mudzaona kuti nthawi zina chofunika si chipinda cha makompyuta. Pulojekita imodzi ndi laputopu ya mphunzitsi zingakwanire pa sayansi. Kumene intaneti ndi yodula kapena yosadalirika kuli zida zogwira ntchito popanda intaneti: Kolibri ya bungwe la Learning Equality ndi pulogalamu yaulere yosunga maphunziro ndi mafunso pa kompyuta imodzi imene zipangizo zina zimalumikizikako, Kiwix imasunga Wikipedia yonse, ndipo RACHEL ya World Possible ndi kabokosi kotumiza maphunziro pa Wi-Fi m'kati mwa sukulu momwemo. Musanasankhe pulogalamu iliyonse, itsegulani nokha ndipo muone ngati zimene zilimo zikugwirizana ndi silabasi yanu ndi chilankhulo chimene ana amaphunziriramo.

3. Funani wopereka woyenera, ndipo werengani malamulo ake mpaka kumapeto

Mayina akuluakulu amene mumawamva nthawi zambiri sapereka ndalama kwa sukulu imodzi. Global Partnership for Education imagwira ntchito ndi maboma. Giga, imene UNICEF ndi ITU (bungwe la United Nations loona za matelefoni ndi intaneti) anayambitsa mu 2019 kuti sukulu zonse zilumikizidwe ku intaneti, nayonso imadutsira ku maboma. Kuwalembera inu nokha n'kutaya nthawi, koma n'kofunika kufunsa ku ofesi ya maphunziro ya dera lanu ngati dziko lanu lili mu ntchito zoterezi ndi mmene sukulu zimasankhidwira. Amene amapereka mwachindunji kawirikawiri ndi thumba la unduna wa maphunziro, mabungwe achifundo ang'onoang'ono, makampani makamaka a mafoni ndi mabanki, maofesi a akazembe, ndi magulu a anthu amene anaphunzira pasukulupo.

Wopereka aliyense ali ndi zimene amalipira ndi zimene salipira. Ku United States, ndondomeko ya E-Rate, yochokera ku lamulo la 1996, imachotsera sukulu pakati pa 20 ndi 90 peresenti ya mtengo wa intaneti ndi zolumikizira za m'kati, malinga ndi umphawi wa ana, koma sigula makompyuta a ana. Opereka ambiri padziko lonse ali ndi malire otere. Choncho onani zinthu izi: ndani akuloledwa kupempha, ndalama zochepetsetsa ndi zochulukitsitsa, tsiku lotsekera, zinthu zoletsedwa, ndi ngati akufuna kuti inunso muikepo gawo lanu. Gawo lanulo silikhala ndalama zokha. Ambiri amavomera chipinda chimene mwakonza, mlonda, kapena ntchito imene makolo agwira, bola muiwerengere mtengo wake moona mtima.

Sukulu ya boma si ya mphunzitsi wamkulu, ndipo m'mayiko ambiri siingasayine mgwirizano kapena kulandira katundu popanda chilolezo cha akuluakulu a maphunziro. Pezani kalata yawo yovomereza msanga, chifukwa imachedwa kutuluka. Ndipo wina akakuuzani kuti mulipire kaye ndalama yolembetsera kuti thandizo lituluke, kapena akakuuzani kuti mwapambana thandizo limene simunapemphe, ameneyo ndi wakuba.

4. Lembani bajeti ya zaka zisanu, ngakhale thandizo lili la chaka chimodzi

Apa ndi pamene malangizo ambiri amadutsa mothamanga, ndipo ndi pamene ntchito zambiri zimafera. Ndalowapo m'chipinda cha makompyuta chokhoma ndi loko wamkulu, makina atafundidwa nsalu, fumbi lili mbuu pa makiyibodi. Pakona panali katoni ya matabuleti, ina itatupa kumbuyo chifukwa batire linafufuma, ndipo machaja anali atamangidwa mtolo umodzi, theka lake oduka pakhosi. Palibe amene anaba kanthu. Thandizo linatha, chinthu choyamba chitawonongeka panalibe wolipira, ndipo mphunzitsi wamkulu anaona kuti kutseka chipinda ndi njira yokhayo yodzitetezera kuti asadzafunsidwe za katundu wa boma. Akuluakulu anati walira mvula walira matope. Mtengo wogulira ndi gawo chabe la zimene chipangizo chidzadye pa moyo wake wonse.

Tengani pepala lalikulu, jambulani mizere isanu yotsika, chaka choyamba mpaka chachisanu. Kumanzere lembani chilichonse chimene chidzafune ndalama.

Yambani ndi magetsi. Ngati ndi a kampani, bilu ya sukulu idzakwera, ndipo pamafunika zotetezera makina magetsi akabwera mwamphamvu. Ngati ndi a dzuwa, dziwani kuti mapanelo amakhala zaka zoposa 20 koma mabatire amatha msanga kwambiri, makamaka aja a asidi akamatsitsidwa mpaka kutheratu tsiku ndi tsiku. M'zaka zisanu zimenezo ikanimo kugula mabatire atsopano. Funsani wogulitsa kuti akulembereni zaka zimene mabatire akewo amakhala ndi waranti yake.

Kenako zowonongeka. Masikirini amasweka, machaja amaduka, mahedifoni m'manja mwa ana aang'ono sakhalitsa. Ikani chiyerekezo chanu poyera. Mwachitsanzo, ngati mwagula matabuleti 40 ndipo mukuganiza kuti pa khumi alionse imodzi iziwonongeka pachaka, ndiye anayi chaka chilichonse, ndipo pofika chaka chachisanu pafupifupi theka lidzakhala litafuna kukonzedwa kapena kulowedwa m'malo. Pemphani ochepa apadera osungira kuyambira pachiyambi. Funsani ngati waranti imakhudza kusweka, chifukwa nthawi zambiri imakhudza zolakwika za kufakitale zokha, ndipo funsaninso amene amalipira ulendo wa chipangizo kupita kokakonzedwa ndi kubwerera.

Mapulogalamu ambiri masiku ano amalipiridwa chaka ndi chaka pa mwana aliyense. Wogulitsa angakupatseni chaka choyamba mwaulere, chachiwiri chikafika sikirini n'kungolemba kuti layisensi yatha. Lipoti la UNESCO la 2023 lokhudza zipangizo zamakono m'maphunziro linanena kuti ku United States pafupifupi magawo awiri mwa atatu a malayisensi a mapulogalamu ophunzitsira sankagwiritsidwa ntchito n'komwe. Gulani ochepa, a makalasi amene mwasankha aja, ndipo muone ngati pulogalamu yaulere monga LibreOffice singagwire ntchito yomweyo. Samalaninso ndi makompyuta akale amene ena amapereka mwaulere. Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 mu October 2025, ndipo makina ambiri akale sangalandire Windows 11. Angathe kugwira ntchito bwino ndi Linux, pulogalamu yaulere yoyendetsa kompyuta m'malo mwa Windows, koma pakhale munthu wodziwa kuiikamo. Wopereka makina akale mumufunsenso kuti akadzafa mudzawataya kuti, chifukwa mabatire ndi zam'kati mwake zili ndi poizoni ndipo sizitenthedwa kapena kukwiriridwa pasukulu.

Onjezani intaneti ya mwezi ndi mwezi, mlonda, kabati yachitsulo yochajiramo, inshuwalansi ngati ikupezeka, ndi malipiro a wokonza.

Mzere umene ndimaumenyera nkhondo kwambiri ndi wa aphunzitsi. Maphunziro a masiku awiri zipangizo zikangofika sakwanira, chifukwa mafunso enieni amabwera mphunzitsi akaima pamaso pa ana pulojekita itakana kuyaka. Ikani ndalama zoti wowaphunzitsa azibwera m'kalasi teremu iliyonse kudzaona phunziro lenileni, ndipo ikani pa ndandanda ya sukulu nthawi yoti aphunzitsi azikonzekera limodzi. Phunzitsani anthu osachepera atatu. Aphunzitsi a boma amasamutsidwa, ndipo ngati wodziwa ndi mmodzi yekha, tsiku limene wachoka mapasiwedi onse amapita naye. Mapasiwediwo alembedwe ndi kusungidwa mu envelopu yomata ku ofesi ya mphunzitsi wamkulu.

Mukamaliza, pa nambala iliyonse ya chaka chachiwiri mpaka chachisanu lembani dzina la amene adzalipire. "Boma" kapena "anthu akufuna kwabwino" si yankho. Lembani kuti bilu ya magetsi idzachokera ku thumba lakutilakuti la sukulu, ndipo komiti inavomereza pa msonkhano wa tsiku lakuti, mfundo za msonkhanowo n'kuziphatika kumbuyo. Pamene palibe dzina loti mulembe, muli ndi njira ziwiri: kupempha wopereka kuti alipire gawolo kwa zaka zingapo, kapena kuchepetsa zimene mukupempha mpaka zifike pa msinkhu umene sukulu ingathe kusamala yokha. Ine ndimalangiza njira yachiwiri kawirikawiri. Matabuleti 20 ogwira ntchito zaka zisanu amaphunzitsa ana ambiri kuposa 100 otsekeredwa pakatha chaka. Samalani ndi ganizo lolipiritsa makolo, chifukwa m'mayiko ambiri lamulo limaletsa kulipiritsa m'sukulu zapulayimale za boma, ndipo ngakhale pamene likulola, ana osauka ndi amene amayamba kutsalira panja.

Vuto ili silisankha osauka okha. Mu 2013 akuluakulu a sukulu za boma mumzinda wa Los Angeles anayamba ntchito yoposa madola 1 biliyoni yopatsa mwana aliyense iPad. Maphunziro amene anayenera kukhala m'makinamo anali asanamalizidwe, aphunzitsi sanakonzekeretsedwe mokwanira, ndipo mgwirizanowo unaimitsidwa mu 2014. Dziko la Uruguay linayamba Plan Ceibal, ntchito yopatsa ana a sukulu malaputopu, mu 2007, ndipo ntchitoyo idakalipo chifukwa boma linakhazikitsa bungwe lokhala ndi bajeti yake loona za kukonza makina, intaneti ndi kuphunzitsa aphunzitsi. Sukulu yanu singakhazikitse bungwe, koma ingasankhe munthu, kumupatsa nthawi, ndi kupatula kandalama chaka chilichonse.

5. Lembani pempho

Opereka ambiri amayamba ndi kufuna chikalata chachifupi cha tsamba limodzi kapena awiri, chimene amachitcha concept note, chofotokoza vuto, njira yanu ndi ndalama zonse pamodzi. Akachikonda ndi pamene amakuuzani kuti mutumize proposal, pempho lathunthu lokhala ndi bajeti ndi ndondomeko ya nthawi. Ngati ali ndi fomu yawo, tsatirani fomuyo ndendende, ndipo musapitirire chiwerengero cha mawu chimene anena.

Siyanitsani zimene mudzachite ndi zimene zidzasinthe. "Tidzagula matabuleti 40 ndi kuphunzitsa aphunzitsi 6" ndi zochita. "Ana a chaka chachitatu otha kuwerenga ndime adzachuluka kuchoka pa chiwerengero chimene tinapeza m'mwezi wakuti kufika pa chakuti pakutha kwa chaka" ndi kusintha, ndipo ndi kumene wopereka akulipira. Musalonjeze zozizwitsa. Fotokozani sabata imodzi mmene idzayendere: ndani atsegula chipinda, kalasi iti ilowa nthawi yanji, mphunzitsi azichita chiyani ana akugwira makina, ndani achaja madzulo. Nenaninso mmene atsikana ndi ana olumala adzapezere mpata wofanana ndi anzawo, chifukwa makina akachepa ana amphamvu ndi amene amakhala kutsogolo.

Musalole wogulitsa zipangizo kukulemberani pempho. Adzalemba zimene iye ali nazo m'sitolo. Mukamaliza, patsani munthu wosadziwa za sukulu yanu kuti awerenge ndipo akuuzeni zimene wamva, wina awerengerenso manambala a bajeti. Tumizani kutatsala masiku, chifukwa makina olandirira mafomu amadzaza tsiku lomaliza.

6. Ndalama zikafika

Werengani mgwirizano wonse pamaso pa komiti musanasayine. Ndalama zilowe mu akaunti ya sukulu yokhala ndi osayinira oposa mmodzi, osati ya munthu. Tsatirani malamulo a boma ogulira katundu, amene kawirikawiri amafuna makotesheni ochokera kwa ogulitsa angapo, ndipo wachibale wa membala wa komiti asapikisane nawo mobisa. Katundu akafika, yatsani chipangizo chilichonse musanasayine kuti mwalandira, lembani nambala yake m'kaundula, ndipo chilembeni chizindikiro cha sukulu chosafufutika. Malisiti onse akhale mu fayilo imodzi, ndipo muwajambule pafoni tsiku lomwelo chifukwa inki ya malisiti ena imazimirira.

Tetezani ana. Funsani kuti pulogalamu imasunga chiyani chokhudza mwana, imachitumiza kuti, ndipo ndani angachione. Zithunzi za ana zisapite m'malipoti kapena pa Facebook popanda chilolezo cha makolo. Ngati pali intaneti, ikani zotchinga masamba oipa makina asanafike m'manja mwa ana.

Pakhomo la chipinda pakhale kope lolembamo kalasi imene yalowa, nthawi, ndi chimene chawonongeka. Pakutha kwa chaka bwerezani mayeso aja a gawo loyamba, mofanana ndendende. Tumizani lipoti pa nthawi yake ndipo munene zoona. Ngati matabuleti asanu asweka kapena zotsatira sizinasinthe, lembani choncho pamodzi ndi zimene mukuchitapo. Mukafuna kusintha kagwiritsidwe ka ndalama, pemphani polemba musanasinthe.

7. Akakukanani

Zimachitika kawirikawiri, chifukwa opempha amachuluka kuposa ndalama. Lembani kalata yaifupi yothokoza ndi kufunsa pamene pempho lanu linafooka, ena amayankha. Sungani fayilo yonse, pakuti zotsatira za mayeso, kalata ya akuluakulu a maphunziro ndi bajeti ya zaka zisanu zidzagwiranso ntchito kwa wopereka wina mutangosintha mitengo ndi masiku. Pakadali pano konzani zimene sizifuna thandizo: chitseko, masoketi, ndi aphunzitsi awiri kapena atatu oyeserera Kolibri pa laputopu imodzi imene ilipo. Bwerezani mayeso a ana chaka chamawa, kuti pempho lotsatira lidzakhale ndi zotsatira za zaka ziwiri.